Kodi Mwana Wanu Adaionapo Njovu?

Mwezi uno tikambirane za nyama imene tonsefe timaitchula kaŵirikaŵiri, koma ambiri mwa ife sitidaionepo ndi maso. Mwana wa ku Chilobwe amaidziŵa njovu asanayambe n'komwe sukulu. Amaimva m'nthano za agogo ake, m'mene Kalulu amaipusitsa usiku ndi usiku. Amaimva m'maina a anansi ake, a Njovu ndi a Ndhlovu. Mukamtuma ku msika amabwera nayo m'chenji, pakuti kuseri kwa ndalama ya pepala ya K50 imene idatuluka mu 2012 kudajambulidwa njovu za ku Kasungu; ndipo ife achikulire tikukumbukira kobiri la 20 tambala limene lidali ndi njovu ndi mwana wake. Koma mfunseni mwanayo kuti njovu ndi yaikulu bwanji. Adzakuonetsani ya pa lamya ya m'manja, imene imakwana m'chikhatho.

Chonsecho njovu zamoyo zili pafupi nafe. Kuchokera kuno kukafika pa chipata cha nkhalango ya Majete, m'boma la Chikwawa, ndi mtunda wa makilomita ngati 70, wosasiyana kwenikweni ndi ulendo wa ku Zomba. Anthu amakwera ndege kuchokera ku London ndi ku Amsterdam, natsikira pa Chileka, nadutsa pakhomo pathu penipeni pa mseu wa ku Chikwawa, kukaona zimene ife eni dziko sitidazione. Timawayang'ana akudutsa m'magalimoto ao aatali, n'kumati, "Za azungu izo." Mau ameneŵa atimana zambiri, ndipo tikuwapatsira ana athu monga m'mene timawapatsira chimfine, mosadziŵa.

Ndikulimva kale yankho limene likubwera. Bambo wa ana asanu, amene lendi ikumdikira ndipo thumba la ufa lafika pansi, adzati: "Njovu sitidya." Zoonadi, ndipo za ndalama tikamba bwino kutsogoloku, pakuti si nkhani yaing'ono. Koma ndiyambe ndi chifukwa chimene ndikunenera kuti ulendowu usadikire kufikira ana atakula. Njovu zimenezi zidatherapo kale kamodzi, ambiri a ife tili moyo, ndipo sitidamve n'komwe kuti zatha.

M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pa sitima yaing'ono yotchedwa Ma Robert. Kumunsi kwa Chikwawa adapeza dambo lalikulu, ndipo adalemba kuti pamenepo adaona njovu zokwana ngati 800. N'chifukwa chake dambolo pa mapu limatchedwa Elephant Marsh, ndiko kunena kuti Dambo la Njovu. Pitaniko lero: mudzapeza asodzi m'mabwato ao, mbalame zosaŵerengeka, mvuu ndi ng'ona, koma njovu ai. Dzina lokha ndilo lidatsala. Chidaziphetsa ndi mnyanga. Amalonda a masiku amenewo ankausenzetsa akapolo kupita nawo ku nyanja yamchere, ku Quelimane ndi ku Kilwa, ndipo kumeneko ankagulitsa katundu pamodzi ndi womsenza yemwe. Ku Ulaya mnyangawo ankasemera zigwiriro za mipeni, zipeso ndi timatabwa toyera timene woimba piyano amadina. Ukapolo utatha mfuti sizidaleke kulira, popeza makampani a atsamunda, monga African Lakes ya ku Mandala, nawonso ankagula minyanga.

Nkhalango ya Majete idapatulidwa kukhala malo osungirako nyama mu 1955, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita ngati 700. Cha m'ma 1980 mudali mukadali njovu zoposa 200. Tsono zidadza zaka zoŵaŵa. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kudali nkhondo. Mfuti zankhondo zidachuluka m'manja mwa anthu, mtengo wa mnyanga udakwera, pamene alonda a nkhalango adali oŵerengeka ndi opanda zida zokwanira. Maiko adagwirizana mu 1989 kuletsa malonda a minyanga pakati pao, koma kwa njovu za ku Majete lamulolo lidafika mochedwa. Pofika 1992 m'nkhalango monsemo simudatsale njovu ndi imodzi yomwe. Chipembere, mkango ndi njati nazo zidapita. Majete adasanduka tchire wamba, m'mene anthu ankaloŵa kukadula mitengo ndi kuotcha makala. Ndipo ife a m'tauni tisafulumire kuloza chala, chifukwa woocha makala saotchera kuti akaphikire kumudzi kwao. Msika wake ndi mbaula zathu.

Mu 2003 Boma la Malaŵi lidachita pangano ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa Majete mogwirizana ndi nthambi ya Boma yoyang'anira nyama zakutchire. Majete ndiwo adali malo oyamba amene bungweli lidalandira mu Africa monse. Lidaika mpanda wa waya wa magetsi, umene utatha udazungulira makilomita oposa 140, lidalemba ndi kuphunzitsa alonda, ndipo lidayamba kubweretsa nyama: chipembere mu 2003 momwemo, njovu 70 zochokera ku Liwonde mu 2006, zina mu 2008 ndi mu 2009, mikango mu 2012, nyamalikiti mu 2018. Taŵerengani nokha: kuchokera 1992 kufika 2006 ndi zaka 14. Mwana wobadwira m'mphepete mwa nkhalangoyo chaka chimene njovu yotsiriza idagwa adatsiriza pulaimale asanaonepo phazi lake.

Njovuzo zidaswana bwino, kotero kuti pofika 2017 zidapitirira 400, ndipo Majete amene adali wopempha adasanduka wopatsa. Njovu ngati 150 zidatengedwa kumeneko kupita ku nkhalango ya Nkhotakota, kumene mwa njovu zoposa 1,500 za kale kudatsala zosakwana 100. Pa zaka ziŵiri, 2016 ndi 2017, njovu zoposa 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete.

Mwina achinyamata afunsa kuti nyama yolemera matani asanu amaikweza bwanji m'lole. Dokotala wa nyama amakwera helikopita, nalasa njovu ndi muvi wa mankhwala ogonetsa, ndipo salasa imodzi yokha koma banja lonse pamodzi, kuyambira mai wamkulu kufikira kakhanda, pakuti kulekanitsa banja la njovu n'kuliononga. Ikagwa, anthu amathamangirapo. Wina amaipinda khutu kuti liphimbe diso ku dzuŵa ndi fumbi. Wina amaika kamtengo ku nsonga ya chitamba kuti chisatsekeke, chifukwa njovu imapumira m'chitamba, ndipo chikatsekeka ingathe kufa ili m'tulo. Kenaka amaimanga miyendo, makina onyamulira zolemera n'kuikweza chadodolido, naigoneka pa lole. M'bokosi lalikulu lachitsulo amaipatsa mankhwala oidzutsa, ndipo ulendo wonse imayenda itaimirira. Choncho mukadzaona njovu yachikulire ku Majete, dziŵani kuti idabadwira kwina, ku Liwonde kapena ku Mangochi, ndipo idafika kumeneko pa mseu, monga inu.

Tsono tinyamuke. A ku Chilobwe tili ndi mwai, pakuti sitiyenera kudutsa m'tauni. Mseu wa ku Chikwawa uli pakhomo. Laŵirani kusanache, tambala woyamba atangolira. Mudzadutsa Mpemba ndi Madziabango, kenaka mseu udzayamba kukhotakhota potsetsereka phiri, ndipo kukamacha mudzaona chigwa chonse cha Shire chitayalidwa kumunsi ngati mphasa, mtsinjewo ukunyezimira pakati. Adzutseni ana ayang'ane. Ambiri a iwo Shire amangoudziŵa ngati yankho la mayeso. Mukatsikira pa Thabwa kutentha kudzakulandirani, mudzaoloka mlatho wa Kamuzu, mudzakhota pa Dyeratu kuloŵera ku boma la Chikwawa, ndipo kuchokera pa boma patsala makilomita ngati 20 a mseu wopita ku mathithi a Kapichira. Mathithi ameneŵa ndiwo adaimitsa sitima ya Livingstone, ndiponso ndiwo amatipatsa gawo la magetsi amene timayatsa kuno. Amene akukumbukira mdima umene udatsata namondwe Ana mu Januwale 2022 adalimva kale dzina la Kapichira.

Pa chipata mumalipira, ndipo Amalaŵi amalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Chifukwa chake tengani ziphaso zanu za unzika. Mungathe kuyenda m'nkhalango ndi galimoto yanuyanu ngati ili yolimba ndi yosakhudza miyala kunsi, koma ine ndikulangiza kuti, ngati thumba lilola, mukwere galimoto ya eni nkhalango. Ndi ija yamtundu wa Land Cruiser imene adaichotsa mbali zake, naikamo mipando yokwererana ngati ya m'bwalo la mpira, ndi denga la nsalu pamwamba. Phindu lake lalikulu si mipandoyo ai, koma munthu amene ali pa chiwongolero. Iyeyu amaŵerenga tchire monga m'mene inu mukuŵerengera tsamba lino. Amaimitsa galimoto pa ndowe zazikulu ngati mipira, naona ngati zikadali zonyowa. Amakuonetsani phazi lozungulira pa fumbi, lotakata ngati beseni laling'ono, nakuuzani kumene laloza. Nthambi yothyoka imene masamba ake sadafote, khungwa losendedwa kumene, mlambe wokumbidwa pamimba: zonsezi kwa iye ndi kalata, ndipo tsiku ndi ola zalembedwa pomwepo.

Apa ndi pamene pamavuta ana a m'tauni, ndi makolo ao omwe. Nkhalango si sitolo. Mungathe kuyenda ola lathunthu mukungoona nswala, anyani, nakodzwe ndi njiri zothamanga michira ili m'mwamba, njovu osaoneka. Mwana wozoloŵera lamya, imene imampatsa chithunzi china akangoikhudza, amayamba kuyasamula. Msiyeni ayasamule. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe kalasi imene imaphunzitsa mwambi umenewu bwino kuposa mpando wa galimoto yoima pafupi ndi dziŵe, injini itazimitsidwa.

Ndipo zikafika simuzimva. Nyama yaikulu koposa zonse za pamtunda imayenda ngati mphaka, chifukwa kunsi kwa phazi lake kuli mnofu wofeŵa umene umameza phokoso. Mumangoona kuti chimene mumachiyesa thanthwe lotuŵa kuseri kwa zitsamba chagwedeza khutu. Kenaka china, ndi china. Galimoto yonse imakhala chete yokha, popanda woilamula. Ngakhale mnyamata uja amene wakhala akulongolola chichokereni ku Chilobwe amaiŵala kutseka pakamwa.

Musathamangire kujambula. Yang'anani chitamba poyamba. Ndi mphuno ndi mlomo wam'mwamba zolumikizana, ndipo mulibe fupa ndi limodzi lomwe. Komabe chingathe kugwetsa mtengo, ndiponso ndi timilomo tiŵiri ta ku nsonga kwake chimatola chipatso chimodzi cha mfula pansi osachiphwanya. Njovu siimwera m'chitamba monga ana amaganizira. Imakoka madzi malita angapo nthaŵi imodzi, n'kuwathira m'kamwa. Kamwana kobadwa kumene sikadziŵa ntchito ya chitamba chake: kamachiponda, kamachigwedeza uku ndi uku, ndipo pakumwa kamagwada n'kumamwa ndi pakamwa kufikira patapita miyezi ingapo. Yang'ananinso makutu. Kukupiza kuja si ukali ai, n'kudziziziritsa, pakuti m'makutumo muli mitsempha yambiri ya magazi imene mphepo imaiziziritsa. Ikatha kusamba imadzithira fumbi kapena matope, ndipo amai amene amasambitsa ana m'maŵa, nawapeza ali mbuu masana, adzapukusa mutu. Koma kwa njovu matope ndiwo mafuta odzola, otchinga dzuŵa ndi tizilombo toluma. Mukakhala chete mokwanira mudzamva kamkokomo kotsika, konga galimoto yakutali. Umu ndi m'mene zimalankhulirana, ndipo mau ao ena ndi otsika kotero kuti khutu la munthu siliwamva, pamene njovu inzake ikuwamva ili makilomita angapo.

Nanga kudya? Njovu yaikulu imatha makilogalamu ofika 150 a udzu, masamba, makungwa ndi mizu pa tsiku, ndiye kuti kulemera kwa matumba atatu a chimanga, ndipo imamwa madzi oposa malita 100. Musaiŵale matumba atatuŵa, tiwafunanso.

Gulu limene mukuliona si chiunjikano wamba. Ndi banja la kuchikazi, lofanana ndi mbumba ya kwathu. Wotsogolera ndi njovu yaikazi yachikulire, ndipo omtsata ndi ana ake aakazi, abale ake ndi adzukulu. Ana aamuna akafika zaka 12 mpaka 15 amachoka, nakakhala okha kapena ndi anzao, monga mnyamata amachokera m'nyumba ya amai ake kupita ku mphala. Mimba ya njovu imatha miyezi 22, mwana amabadwa wolemera makilogalamu ngati 100, ndipo mai amabereka kamodzi pa zaka zinai kapena zisanu. Apa mungaone chifukwa chake mfuti imatha m'chaka chimodzi zimene nkhalango idalera zaka makumi atatu. Njovu ingathe kukhala ndi moyo zaka 60 ngakhale kupitirira, ndipo agogo a gululo ndiwo amakumbukira kumene madzi adapezeka pa chilala cha kale. Ofufuza a ku Amboseli, m'dziko la Kenya, amene akhala akutsata mabanja a njovu kuyambira 1972, adapeza kuti banja lotsogoleredwa ndi njovu yachikulire limadziŵa bwino kusiyanitsa kulira kwa mnansi ndi kwa mlendo, ndiponso limazindikira msanga kubangula kwa mkango waumuna, umene ndiwo woopsa kwa ana. Tsoka lake n'lakuti wopha njovu amafuna minyanga yaitali, ndipo minyanga yaitali ili ndi achikulirewo. Akaombera agogo, mbumba yonse imatsala yamoyo koma yosadziŵa njira. Sindionjezapo mau, achinyamata amene ali ndi agogo pakhomo amva okha.

Koma tisanamizane: Kalulu amapusitsa njovu m'nthano mokha. Ya m'tchire imathamanga kuposa aliyense wa ife, ndipo galimoto kwa iyo si linga. Musatsike, musaimirire, musakuwe, musaponye chakudya, ndipo lamya zisalire. Nyama zidaizoloŵera galimoto ngati chinthu chimodzi chachikulu chosaopsa. Munthu akaimirira kapena kutulutsa mkono, zimazindikira kuti m'katimo muli anthu. Maso a njovu sapenya patali, koma mphuno ndi makutu ake sizinama. Woyendetsa wanzeru saima pakati pa mai ndi mwana wake, satsekereza njira ya ku madzi, ndipo amaimika galimoto moti ingachoke msanga. Njovu ikatambasula makutu, ikaimika mutu, ikapukusa n'kumalira, ikuchenjeza. Imene yapinda chitamba, yatsamiza makutu kumbuyo, yaŵeramitsa mutu n'kumabwera osalira, imeneyo yatsimikiza. Palinso nyengo imene yamphongo imachucha timadzi takuda m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, mkodzo ukungodontha m'miyendo. Pamenepo imakhala yaukali, ndipo ngakhale alonda amaipatsa njira. Mnyamata wofuna chithunzi chokaonetsa anzake pa Facebook amve bwino: woyendetsa akati tichoke, tichoke. Musamkakamize kuyandikira, ndipo musamlonjeze kangachepe kuti aphwanye lamulo limene likuteteza moyo wanu ndi ntchito yake.

Potuluka pa chipata, yang'anani minda imene yayandikana ndi mpanda, ndipo mukumbukire matumba atatu aja. Banja la njovu khumi likaloŵa m'munda wa chimanga kapena wa mapira usiku, pofika m'maŵa dzinthu za chaka chonse zapita, ndipo mwini munda amene watuluka ndi muuni ndi chitini kuti azipirikitse nthaŵi zina sabwerera. Njovu 83 zimene zidafika ku Majete mu 2009 zidachokera ku Phirilongwe, m'boma la Mangochi, ndipo zidachotsedwako chifukwa zidali zitapha anthu ndi kutha minda, anthu nawo akuzilasa ndi kuzitchera misampha. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, kumene mbali zina za malire zidalibe mpanda. M'miyezi ndi zaka zotsatira anthu angapo adaphedwa ndi njovu m'midzi yozungulira, kuno ku Malaŵi ndi ku Zambia komwe, ndipo madandaulo a midziyo adamveka kufikira maiko akunja. Mwana wa m'tauni akabwerako ku ulendo wake akunyoza "anthu akumudzi oononga chilengedwe," ndiye kuti waona theka lokha. N'kosavuta kukonda njovu uli pa mpando wa Land Cruiser, nsima ya madzulo ikukudikira ku Blantyre.

Ku Majete mpanda wathandiza kwambiri, ndipo bungwe loyendetsa nkhalangoyi limanena kuti chibwezereni nyamazi palibe njovu kapena chipembere chimene chaphedwa ndi osaka mozemba. Koma waya wokha sukadakwanitsa. Anthu a m'midzi yozungulira adalembedwa ntchito, ana ena amalipiriridwa sukulu, pali ulimi wa njuchi, pali malo ogona alendo amene phindu lake limapita ku midzi, ndipo pa nyengo yake anthu amaloledwa kuloŵa kukamweta udzu wofolerera nyumba. Munthu salondera chinthu chimene chimangomdyera osampatsa kanthu. Mfunseni wokuyendetsaniyo kwao; kaŵirikaŵiri adzakutchulirani mudzi wa pafupi pomwepo. Mfunseninso zimene makolo ake amanena za njovu, ndipo yankho lake ana anu alimve, ngakhale lisagwirizane ndi la m'buku la sukulu.

Mpandawo ulinso ndi vuto lake. Njovu za kale zinkayenda mitunda yaitali, tchire la kumbuyo kwao n'kumaphukanso. Zotsekeredwa zikachuluka zimagwetsa mitengo msanga kuposa m'mene ingamerere, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene amazisamutsira. Ife a kunsi kwa phiri la Soche sitisoŵa wotiuza za nthaka imene yatsala yopanda mitengo; Malichi wa 2023 tikumkumbukira, pamodzi ndi abale amene tidawaika m'manda.

Mau amodzi kwa anyamata amene akusaka ganyu m'tauni muno. Malonda a mnyanga sadathe, adangoloŵa pansi. Mu Malichi 2016 Boma lidatentha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu, imene idagwidwa ikudutsa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania. Mu 2017 lamulo la nyama zakutchire lidakonzedwanso, ndipo chilango cha mlandu wa mnyanga chingathe kufika zaka 30 m'ndende. Wina akakupatsani chikwama chotseka kuti mukamtulire kwakutikwakuti, nakulonjezani ndalama zosalingana ndi mtunda wake, tsegulani chikwamacho kapena chikaneni. Apolisi amagwira wonyamula. Mwini katundu amakhala ali kutali.

Tsono za ndalama. Banja limodzi la kuno silingathe kubwereka galimoto lokha, ndipo sindikuuza munthu kuti adye fizi ya mwana. Koma timasonkherana pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa maliro, ndipo amai a banki m'khonde amadziŵa kuika pang'onopang'ono kufikira tsiku logaŵana. Mabanja anai kapena asanu, kapena gulu la achinyamata, akayamba kusonkha mu Malichi, pofika Ogasiti angathe kubwereka minibasi ya tsiku limodzi. Sankhani anthu aŵiri okhulupirika osunga thumba, ndipo zonse zilembedwe m'buku, chifukwa maulendo ambiri amafera pamenepa asanafike n'komwe pa Mpemba. Tumizani mau ku ofesi ya nkhalango masabata angapo tsiku lisanafike. Funsani mitengo ya tsopano, funsani ngati ana a sukulu amawachotserako, ndipo sungitsani galimoto yoyendera m'kati, pakuti magalimotowo ndi oŵerengeka ndipo imodzi imanyamula anthu ngati khumi okha. Ngati ndalama sizikwanira onse, akwere ana ndi wamkulu mmodzi kapena aŵiri, ena atsale pa mthunzi. Aphunzitsi afunsenso ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lidayamba mu 1947 ndipo lili ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu zambiri.

Amene angathe kupita pataliko, kudzera ku Zomba, akaone nkhalango ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973. Kumeneko njovu mungazione muli m'boti pa Shire, zikumwa pansi pa migwalangwa, ndipo tsiku lamwai mudzaziona zikuoloka mtsinje, thupi lonse lili m'madzi, zitamba zokha zili m'mwamba. Koma ndi ulendo wautali ndi wodula, ndipo kwa ife oyamba Majete akwanira.

Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Julayi kufikira Okutobala, pamene udzu wauma, masamba ayoyoka, ndipo nyama zimasonkhana ku mtsinje ndi ku maiŵe. M'dzinja tchire limaŵirira, njovu ingathe kuima mapazi makumi aŵiri kuchokera pa mseu inu osaiona, ndipo miseu ina imaterera. Komabe Okutobala wa ku Chikwawa si wa maseŵera. Kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo agogo ndi makanda angavutike. Ine ndingasankhe Ogasiti, ana ali pa tchuthi. Tengani madzi akumwa ochuluka kuposa m'mene mukuganizira, zipewa, zovala zosaŵala, ndi kamba wa mbatata yophika kapena zitumbuwa wodyera pa malo amene akakuonetseni. Nyama zimayenda m'maŵa ndi madzulo. Masana zimabisala pa mthunzi, ndipo inu muchite chimodzimodzi. Pobwerera nyamukani dzuŵa likadalipo, kuti dalaivala akwere phiri la pa Thabwa kukuoneka, popeza malole a shuga ochokera ku Nchalo amakwera pang'onopang'ono, ndipo mokhota mwake ndi moopsa usiku.